Kapezedwe ka kinetic energy ya chinthu choyenda

Mphamvu imene chinthu chimakhala nayo chikamayenda, yotchedwa kinetic energy (KE), imapezeka motere: KE = ½ × m × v².

Yambani ndi m, kulemera kwa chinthucho m'makilogalamu. Kenako v, liwiro lake m'mamita pa sekondi. Mukapatsidwa makilomita pa ola, gawani ndi 3.6; ambiri amaphonya pomwepa.

Titenge galimoto ya makilogalamu 1,200 yothamanga makilomita 72 pa ola, omwe ndi mamita 20 pa sekondi. Kuti mupeze v², chulukitsani 20 ndi 20, mupeza 400. Chulukitsaninso ndi 1,200, mupeza 480,000. Theka lake, ma joule 240,000, ndiye yankho (joule ndi muyeso wa mphamvu).

Samalani, ka 2 kapamwambako nka liwiro lokha, sikakhudza kulemera. Galimoto yomweyo ikafika makilomita 144 pa ola, mphamvu imachuluka kanayi, osati kawiri: ma joule 960,000.