Malangizo Oika Wailesi, Masipika ndi Amplifaya mu Motoka Yakale

Ŵelengani malangizo aya mpaka kumapeto musanamasule ciliconse. Alembedwela motoka za magetsi a 12 V, zimene negetivu ya batili inamangidwa ku citsulo ca bodi. Malole ndi mabasi ambili ali ndi 24 V, ndipo motoka zina zakale kwambili, maka-maka za ku Britain zopangidwa caka ca 1970 cisanafike, zinamangidwa mosiyana: pozitivu ndiyo imapita ku bodi. Wailesi ya masiku ano ikalumikizidwa mu motoka yotelo popanda kusintha kanthu, imapsa nthawi yomweyo.

Magetsi coyamba

Ambili amathamangila kugula masipika, koma mu motoka yakale vuto limayambila pa batili ndi mawaya. Tengani multimeter, kacipangizo kopimila magetsi, mupime pa mitu iŵili ya batili. Injini ikakhala yozima, batili yodzala bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 V. Mukaliza injini, nambala iyenela kukwela kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4 V. Ikapanda kukwela, ndiye kuti alternator, imene imachaja batili injini ikamalila, siikuchaja mokwanila kapena lamba wake wakhwepa, ndipo zimenezo zikonzedwe musanapite patsogolo. Yang'ananinso waya wokhuthala wocoka pa negetivu kupita ku bodi. Ngati wadyeka ndi dzimbili, ikani wina.

Wailesi payokha siidya magetsi ambili, fyuzi yake kaŵilikaŵili ndi ya 10 A. Amplifaya ndi nkhani ina. Ya 500 W RMS (RMS ndi muyezo wa mphamvu yeniyeni) ikalila pa mphamvu yake yonse imatha kukoka kupitilila 40 A, pamene alternator ya motoka yaing'ono yakale mwina imapeleka 60 kapena 70 A cabe, ndipo malaiti, fani ndi injini zikudya pomwepo. Mukaona malaiti akuphethila nthawi iliyonse besi ikagunda, dziŵani kuti amplifaya yakulila motoka.

Tsopano zimitsani injini, cotsani kiyi, masulani waya wa negetivu ndi kumuika pambali kuti asakhudze mutu wa batili. Negetivu ndiyo imayamba kucoka ndipo imabwelela pomaliza. Ngati motoka ili ndi airbag, dikilani mamineti angapo musanagwile za mu dashibodi. Mawaya a airbag kaŵilikaŵili amakhala m'cikuto cacikasu ndi mapulagi acikasu. Amenewo musawadule, musawapime, musawakoke, ndipo musawasokoneze ndi waya wacikasu wa wailesi amene tikambe pansipa. Ngati wailesi yakale ikhalabe mmenemo ndipo ili ndi nambala yacinsinsi, pezani nambalayo musanacotse batili, apo ayi idzadzikhoma.

Wailesi

Pimani malo a wailesi pa dashibodi. Muyezo wa wailesi wochedwa DIN ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 kutalika, ndipo wa 2-DIN ndi 180 ndi 100. Pimaninso kuya kwa malowo, cifukwa kumbuyo kuli mapaipi a mphepo ndipo mawaya nawo amafuna mpata. Motoka zambili za ku Japan zimamangila wailesi ndi tuzitsulo tuŵili ta m'mbali: tumasuleni pa wailesi yakale, mutumange pa yatsopano ndi masikuluu amene anabwela nayo. Sikuluu yaitali imaloŵa mpaka m'kati ndi kuwononga zamagetsi za wailesi.

Ngati motoka inapangidwila msika wa ku Japan, wailesi yake yoyambilila imagwila FM kuyambila 76 mpaka 90 MHz, pamene maiko ambili amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Ndiye cifukwa cake ena anaikamo kabokosi kosuntha masiteshoni pa waya wa eliyo. Mukapeza kabokosi kameneka kumbuyo, kacotseni. Wailesi yatsopano siikafuna, ndipo kakatsala kamasokoneza manambala a masiteshoni.

Musadule pulagi ya motoka. Gulani adaputa yogwilizana ndi mtundu wa motoka yanu, mulumikize mawaya a wailesi ku adaputayo muli pa tebulo, kenako mungoloŵetsa. Mitundu ya mawaya a wailesi imatsatila dongosolo limodzi pafupifupi kwa opanga onse. Wacikasu amafuna magetsi a nthawi zonse ocokela ku batili, ndipo ndiye amasunga wochi ndi masiteshoni. Wofiila amalandila magetsi kiyi ikafika pa ACC. Wakuda ndi ethi, ndiye kuti negetivu yopita ku bodi. Wabuluu wa mzele woyela amayatsa amplifaya, ndipo waolenji amacepetsa kuwala kwa wailesi mukayatsa malaiti. A masipika ali aŵiliaŵili: oyela kutsogolo kumanzele, otuwa kutsogolo kumanja, obiliŵila kumbuyo kumanzele, apepo kumbuyo kumanja, ndipo wa mzele wakuda pa aŵili aliwonse ndiye negetivu. Koma mitundu imeneyi ndi ya mbali ya wailesi cabe. Ku mbali ya motoka wopanga aliyense anali ndi mitundu yake, conco kumeneko musakhulupilile maso, pimani.

Motoka zina za ku Europe, monga Volkswagen, Audi ndi Opel, zili ndi pulagi ya ISO imene malo a wacikasu ndi wofiila anasinthanitsidwa. Cizindikilo cake n'cakuti wailesi imaiŵala masiteshoni mukangozimitsa injini. Sinthanitsani mawaya aŵiliwo pa adaputa, basi.

Polumikiza, wochelelani ndi mtovu kapena panani ndi zopanila mawaya, kenako phimbani ndi kapaipi kofota ndi kutentha. Kupotokola mawaya ndi zala n'kukulunga tepu kumagwila nchito masabata oyamba, koma dashibodi ikatentha tepu imamatuka, ndipo motoka ikamagwedezeka mawaya amakumana. Waya aliyense wosagwila nchito aphimbidwe payekha.

Pali msampha umodzi wa motoka zakale kwambili. Zina zinali ndi waya mmodzi cabe wopita ku sipika iliyonse, negetivu ikudzela m'bodi kapena m'waya mmodzi wa masipika onse. Wailesi za masiku ano zimatulutsa magetsi pa mawaya onse aŵili a sipika, conco negetivu ya sipika ikakhudza bodi, amplifaya ya m'kati mwa wailesi imapsa. Mukapeza zotelo, kokani mawaya atsopano, aŵili ku sipika iliyonse.

Masipika

Apa ndi pamene kusintha kumamveka kwambili. Sipika ya zaka makumi aŵili imakhala ndi pepala louma ndi mphepete yosweka, ndiye kulila kwa phwephwephwe kumene mumamva. Pimani yakale musanagule: zofala ndi za masentimita 10, 13 ndi 16.5, komanso zazitali za mainchesi 6 × 9. Kenako tsitsani galasi la citseko mpaka pansi, mupime kucokela pa malo omangila mpaka pa galasi. Magineti wa sipika yatsopano amakhala wamkulu, ndipo akagunda galasi mudzadziŵa mutamanga kale zonse. Ngati mpata wacepa, ikani mphete ya pulasitiki yokankhila sipika kunja. Mphete ya thabwa imafufuma ikanyowa, ndipo m'kati mwa citseko mumaloŵa madzi a mvula.

Manambala akuluakulu olembedwa pa katoni asakukopeni. Wailesi yolembedwa 50 W × 4 imapeleka mphamvu yeniyeni, ya RMS, pafupifupi 15 mpaka 22 W ku sipika iliyonse. Ya RMS ndiyo nambala yoyenela kuyelekezela. Ngati simuika amplifaya, sankhani masipika a 4 ohm okhala ndi nambala yokwela ya sensitivity (yoonetsa mmene sipika imalilila pa mphamvu imene yapatsidwa), cifukwa sipika yoposa inzake ndi 3 dB imalila mofanana nayo pa theka la mphamvu. Musamange masipika aŵili pa waya umodzi wa wailesi: aŵili a 4 ohm akamangidwa pamodzi motelo amakhala 2 ohm, ndipo wailesi imatentha.

Kuti mudziŵe pozitivu, tengani batili yaing'ono ya 1.5 V mukhudzitse ku mawaya a sipika kamphindi. Pepala la sipika likatumphila kunja, waya amene ali pa pozitivu ya batiliyo ndiye pozitivu. Musayese zimenezi pa tweeter, kasipika kakang'ono ka mau opyapyala. Sipika imodzi ikamangidwa mozondoka siipsa ayi, koma imakoka pamene inzake ikukankha, ndipo besi imasoŵa.

Mangani sipika molimba, pasakhale mpata pakati pa iyo ndi citsulo, cifukwa mphepo ya kumbuyo ikadutsila kutsogolo imadya besi. Citsulo ca citseko cikamanjenjemela, matani zidutswa za labala yomata yochedwa butyl kumbuyo kwa sipika ndi pa malo athyathyathya, koma musatseke tumabowo ta pansi totulutsila madzi. Pulasitiki imene munamatula pa citseko ibwelele mmene inalili.

Amplifaya ndi subwoofer

Waya wa magetsi a amplifaya acoke pa pozitivu ya batili mwacindunji, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batili, osapitilila masentimita 45. Fyuzi imeneyi siiteteza amplifaya, imateteza motoka: waya akakhuzuka penapake n'kukhudza bodi popanda fyuzi, amafiila ndi kuyatsa kapeti. Pa amplifaya yofika 500 W RMS seŵenzetsani waya wa 8 AWG (AWG ndi muyezo wa kukhuthala kwa waya: nambala ikacepa, waya wakhuthala), ndipo yofika 1,000 W waya wa 4 AWG, wa kopa weniweni. Waya wa aluminiyamu wokutidwa kopa, wolembedwa CCA, amaoneka cimodzimodzi koma sanyamula magetsi ofanana, conco ngati ndiye muli naye, tengani wokulilapo.

Podutsa pa citsulo colekanitsa injini ndi mokhala anthu, waya adzele m'labala. Musanaboole paliponse, suzumilani kumbuyo kwake: pansi pa motoka pamadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, ndipo thanki nthawi zambili ili pansi pa mpando wakumbuyo kapena pansi pa buti.

Ethi ikhale yaifupi, yokhuthala mofanana ndi waya wa magetsi, yomangidwa ndi bauti pa citsulo ca bodi. Palani penti ndi dzimbili mpaka citsulo ciŵale. Mabauti a malamba a mipando asiyeni, nchito yawo ndi ina. Mawaya a RCA, otenga mau kucoka ku wailesi kupita ku amplifaya, adutse mbali imodzi ya motoka, wa magetsi mbali inayo. Amplifaya imangidwe pamene pamapita mphepo, osati pansi pa kapeti, ndipo bokosi la subwoofer, sipika yaikulu ya besi, limangidwe ndithu, cifukwa pa buleki yadzidzidzi limauluka ngati mwala.

Kuyesa ndi kuchuna

Ikani fyuzi, bwezelani negetivu ya batili pomaliza, ndipo yesani zonse musanatseke dashibodi. Sunthani balance (kumanzele ndi kumanja) ndi fader (kutsogolo ndi kumbuyo) kuti mumve sipika iliyonse payokha ndi kutsimikiza kuti ili kumbali yake.

Kabatani ka gain pa amplifaya si voliyumu. Katsitseni mpaka pansi, zimitsani loudness ndi bass boost, kwezani voliyumu ya wailesi kufika pa magawo atatu mwa anayi, ndiyeno kwezani gain pang'onopang'ono mpaka mau ayambe kusweka, mubwelele m'mbuyo pang'ono. Masipika ambili amapsa ndi mau osweka otelo. Ikani high-pass (yocotsa besi) ya masipika a m'zitseko pa 80 Hz ndi low-pass (yosiya besi yokha) ya subwoofer pa 80 Hz, kenako sinthani pang'ono malinga ndi khutu lanu. Kumbukilani kuti phokoso lopitilila 85 dB kwa maola ambili limawononga makutu, ndipo woyendetsa ayenela kumva huta ndi sailini za panja.

Mukamva kulila kwa mluzu kumene kumakwela mukaponda mafuta, vuto kaŵilikaŵili ndi ethi: palaninso citsulo, limbitsani bauti, ndipo onani ngati RCA yayandikana ndi waya wa magetsi. Amplifaya ikamazima yokha ikatentha, onani mphepo ndi ma ohm a subwoofer. Batili ikamatha usiku, mwina waya wofiila kapena wabuluu wamangidwa ku magetsi a nthawi zonse. Fyuzi ikapsa kaŵili motsatizana, musaikepo yaikulu kapena kumangapo waya. Masulani negetivu ya batili, mutsatile waya wa magetsi kucokela ku batili mpaka ku amplifaya, maka-maka pamene wadutsa pa citsulo ndi pansi pa njanji za mipando.