Kawerengedwe ka chithunzi chodinda chopanda nkhope

Ndaphunzitsa ana kujambula zaka zambiri kuno ku Kasungu, ndipo funso limene silitha ndi ili: "Aphunzitsi, mizeremizereyi ikuti chiyani?" Amafunsa akaona chithunzi chodinda, chija munthu amasema pathabwa kapena pa lino (chofewa chija amayala pansi m'nyumba), n'kupaka inki, n'kukanikizapo pepala, koma mulibe munthu, nyumba, ngakhale mbuzi.

Yambirani m'munsi, pamene palembedwa ndi pensulo. Odinda amaika nambala ngati 4/20, kusonyeza pepala lachinayi mwa 20, kenako mutu, dzina ndi chaka. Chakacho chigwireni. Mizere yothithikana ya mu 2015 ikhoza kungokhala khola la nkhuku. Mizere yomweyo ya mu 1987, chaka chimene mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu, muiyang'ane kawiri. Kuyambira 1968 tinali ndi lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu zoletsa mabuku ndi makanema. Woletsa amasaka mawu ndi nkhope. Mzere augwira pati?

Kenako yang'anani poyera, osati pakuda. Pamene mpeni wadya thabwa inki siifika, ndiye poyera paliponse ndi pamene wosema anachotsa dala. Ine ndinasemapo chimodzi m'zaka za m'ma 1980, pakachidutswa ka mlombwa kotsala kwa kalipentala: timadontho takuda tondondozana m'mizere isanu ndi iwiri, koma pamzere wachinayi kadontho kamodzi palibe. Msuweni wanga anali atatengedwa usiku ndi anthu apagalimoto, ndipo pamudzi dzina lake tinkalimeza. Mlendo wina wovala bwino atafunsa, ndinati, "Bwana, ndi munda wa fodya, phando limodzi mbewu inafa." Anagwedeza mutu. Kuno kwawo kwa Kamuzu, pamene nyumba ya Nguru ya Nawambe inkationa tsiku ndi tsiku, sukanayankha mwina.

Apo ndiye pagona nkhani. Chithunzi chophiphiritsa chimakhala ndi mayankho awiri, lina la mlendo, lina la abale. Mukapeza limodzi lokha, sakanibe. Mutu ukakhala wofatsa mopitirira, monga "Mvula" pamene mizere yake ikuoneka ngati zitsulo zapawindo, mukayikire. Ku South Africa, Steve Biko, wolimbana ndi tsankho, atafera m'manja mwa apolisi mu 1977, wojambula wa ku Johannesburg Ezrom Legae anajambula nkhuku zovulazidwa. Zake zinali zojambula pamanja, osati zodinda, koma chining'a chake n'chomwecho.

Dziwaninso zizindikiro za nthawiyo. Pa referendamu ya pa 14 June 1993, nyali inkaimira zipani zambiri, tambala wakuda chipani chimodzi. Kabwalo koyera pakati pa inki yakuda bii ka chaka chimenecho sikangakhale mwezi wamba.

Koma musakokomeze. Ena ankasema mizere chifukwa ankaikonda, ndipo nthawi zina mpeni umangoterereka (zala zanga zili ndi zipsera zochitira umboni). Ikani pamodzi zithunzi zitatu kapena zinayi za munthu mmodzi, muone ngati mpata uja kapena zitsulo zija zikubwerabwera. Mukatero funsani eni ake kumene pepalalo linkakhala. Ngati linali pakhoma pabalaza, mwina ndi zokongoletsa. Langa lija mayi analisunga m'kati mwa buku la nyimbo, pansi pa sutikesi, mpaka 1994.