Zoyenera Kuchita Pofuna Kukakhala M'mudzi wa ku Indonesia Osataya Ndalama pa Malo

Amalawi amene tikukhala ku Johannesburg timadziwa mmene mtima umathamangira ku nkhani ya malo munthu akangosunga kangachepe. Choncho amene wamanga banja ndi mbadwa ya ku Indonesia, kapena amene waona pa intaneti minda ya mpunga ya pa zilumba za Java, Bali ndi Lombok ikutsatsidwa pa mitengo yooneka yotsika, asafulumire kutumiza ndalama. Malangizo anga ndi akuti mupite kaye monga mlendo, mukachite lendi nyumba, ndipo za malo mukayambe kukamba mutatha dzinja lathunthu m'mudzimo.

Yambani ndi mapepala. Pasipoti yanu ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe mphamvu pa tsiku limene mukulowa m'dzikolo. Amene ali ndi pasipoti ya South Africa amatha kugula viza ya masiku 30 pa bwalo la ndege, koma wa pasipoti ya Malawi asadalire zimenezo, akafunse kaye ku ofesi ya kazembe wa Indonesia ku Pretoria asanalipire tikiti. Viza ya alendo silola kugwira ntchito, ndipo wopitirira masiku ake amalipira chindapusa cha 1,000,000 rupiah, ndalama ya kumeneko, pa tsiku lililonse. Wofuna kukhalitsa amafunika chilolezo chotchedwa KITAS, chimene munthu angapeze kudzera mu ukwati, ntchito kapena bizinesi. Kuchokera pa OR Tambo mudzasintha ndege ku Singapore, Doha kapena Dubai. Pa ulendo umenewu, chizolowezi chathu chonyamulirana katundu muchisiye kunyumba, pakuti Indonesia imapereka chilango cha imfa kwa ozembetsa mankhwala osokoneza bongo, ndipo phukusi limene simunalonge nokha musalikhudze ngakhale wokupatsaniyo ndi wa ku mpingo kwanu.

Pa chilumba cha Java sitima zapamtunda ndi zodalirika, koma zimakusiyani m'tauni. Kuchoka apo mudzakwera basi, kenako kaminibasi kotchedwa angkot, ndipo gawo lomaliza nthawi zambiri ndi la kabaza wa njinga yamoto, amene kumeneko amati ojek. Gojek ndi Grab, njira zoitanira kabaza kapena galimoto pa foni, zimathandiza m'matauni, kumudzi n'zosadalirika, choncho tenganitu ndalama zing'onozing'ono zamapepala musanatuluke m'tauni. Musakonze ulendo m'sabata ya Idul Fitri, chikondwerero cha Asilamu chotsiriza kusala kwa Ramadan, pamene anthu mamiliyoni ambiri amabwerera kumidzi kwawo n'kudzaza sitima, mabasi ndi mabwato, ndipo ngati mukupita ku Bali dziwani kuti pa tsiku la Nyepi, lolowera chaka chatsopano cha Ahindu a kumeneko, bwalo la ndege limatsekedwa usana ndi usiku ndipo palibe amene amaloledwa kuyenda mumsewu.

Mukafika, ntchito yoyamba ndi kukaonekera. Mudzi wa ku Indonesia umatsogoleredwa ndi kepala desa, amene amachita kusankhidwa pa voti, ndipo pansi pake pali timagulu ta mabanja oyandikana totchedwa RT, tokhala ndi mtsogoleri amene aliyense amamutchula kuti Pak RT. M'midzi yambiri mudzaona chikwangwani chonena kuti mlendo akadziwonetse pasanathe maola 24. Mupite ndi mwininyumba wanu madzulo, mutavala zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, mutatenga fotokope ya pasipoti. Nsapato muzivula pakhonde. Adzakuikirani tiyi wotsekemera m'tambula yagalasi, koma musamugwire mpaka mwininyumba atakuuzani kuti mumwe, ndipo polandira kapena popereka chinthu mugwiritse dzanja lamanja. Abambo muziwaitana kuti Pak, amayi Bu. Akakufunsani kumene mukupita, ngati muli pabanja, kapena chipembedzo chanu, musaone ngati akukufufuzani, pakuti amenewo ndi malonje awo.

Kukaonekera kokha sikukwanira. Anthu amayang'ana ngati mumatuluka pa tsiku la gotong royong, pamene mudzi wonse umalambula msewu kapena kukonza ngalande, ngati mumafika pamaliro, ndiponso ngati mumasonkha nawo za ulonda wa usiku. Amayi ali ndi chipeleganyu chawo chotchedwa arisan, ndipo mayi wachilendo amene waitanidwako asakane. Ndikutsindika zimenezi chifukwa anthu omwewa ndi amene adzakunong'onezeni kuti munda wakutiwakuti uli pa mlandu wa abale, zimene wogulitsa sangakuuzeni.

Tsopano nkhani ya malo, imene ambiri agwa nayo. Lamulo lalikulu la malo, nambala 5 la chaka cha 1960, limanena kuti umwini weniweni, Hak Milik, ndi wa nzika za Indonesia zokha. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna, ndipo mlendo amangotsala ndi njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi Hak Pakai, ufulu wogwiritsa ntchito malo okhala nyumba kwa zaka 30 zimene zingawonjezedwe, koma boma linaika mtengo wochepetsetsa wa nyumba imene mlendo angagule motere, ndipo umayambira pa biliyoni imodzi ya rupiah kupita m'mwamba malinga ndi chigawo, kutanthauza kuti kanyumba wamba ka m'mudzi sikalowa nawo. Yachiwiri ndi lendi ya nthawi yaitali, Hak Sewa, imene ku Bali imafika zaka 25 kapena 30, ndipo iyi ndiyo njira yoyenera ambiri a ife.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti pali njira yachidule, yoti malo alembedwe m'dzina la mnzanu wa kumeneko, inu n'kusainirana naye kalata yapambali yonena kuti mwini wake ndi inu. Mukane. Gawo 26 la lamulo lomwelo limanena kuti kusamutsira Hak Milik kwa mlendo, mwachindunji kapena mozembera, n'kopanda mphamvu, malowo amapita m'manja mwa boma, ndipo ndalama zimene zinalipiridwa sizingaitanitsidwenso. Zili ngati zimene zimaonekera anzathu amene amatumiza ndalama kumudzi kuti mbale awagulire poloti, n'kukapeza pepala lili m'dzina la mbaleyo, kungoti ku Indonesia lamulo lenilenilo lili kumbali yokutsutsani. Mnzanuyo angakhale wokhulupirika, koma akamwalira ana ake adzalowa chuma chimene chinalembedwa m'dzina la bambo awo.

Amene ali pa ukwati ndi nzika ya Indonesia asamale kwambiri, chifukwa chuma chopezeka m'banja chimawerengedwa kuti n'cha onse awiri, ndipo zimenezi zimalepheretsa ngakhale mwini dzikoyo kukhala ndi Hak Milik ngati palibe pangano lolekanitsa chuma. Kale panganoli linkayenera kuchitika ukwati usanamangidwe, koma mu 2016 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linalola kuti lizichitikanso anthu ali kale m'banja. Likalembedwe kwa notaris, amene ndi wolemba mapangano wovomerezeka ndi boma, malo asanagulidwe.

Ngakhale pa lendi, funsani kuona satifiketi yeniyeni ya malowo ndipo notaris amene mwasankha nokha, osati amene wakupezerani mwini malo, akaitsimikize ku ofesi yoona za malo, yotchedwa BPN, ya m'bomalo. Malo ambiri a kumidzi ali ndi kapepala kakale ka msonkho kotchedwa girik, kamene si satifiketi, ndipo ena ndi a mudzi, a fuko, kapena operekedwa ku mzikiti. Ngati mwini dzina la pa satifiketi anamwalira, olowa chuma onse asaine. Pangano lilembedwe m'chinenero cha Indonesia monga lamulo la 2009 limafunira, ndi lina la Chingelezi pambali, ndipo linene momveka za mtengo wowonjezera zaka, mwini wa nyumba imene mungamange, ndi njira yolowera, popeza poloti yambiri yotsika mtengo imakhala yozunguliridwa ndi minda ya anthu ena.

Dzinja la ku Java ndi Bali limagwa nthawi yofanana ndi lathu, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndipo ndi limene lidzakuonetseni ngati msewu umaduka, ngati phiri la kuseri limagumuka, ndiponso ngati chitsime chimasanduka matope. Funsani akuluakulu mmene nyumba za m'mudzimo zinapirira pa chivomezi, makamaka kufupi ndi Yogyakarta kumene chinawononga mu 2006 ndi ku Lombok mu 2018. Yezani mtunda wokafika ku puskesmas, chipatala chaching'ono cha boma, chifukwa matenda a dengue amachuluka nthawi ya mvula ndipo udzudzu wake umaluma masana, pamene neti sikukutetezani. Zonsezi zikakukhutiritsani, ndalama zidutse kubanki, zikalowe mu akaunti ya munthu amene dzina lake lili pa satifiketi, pa tsiku lomwe mukusainirana pamaso pa notaris.