Kuyabwa kulikonse mwati ndi fangasi?

Dzinja lino amayi ambiri a ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa akufika kuchipatala atatha kale mapaketi a mankhwala oika kumaliseche. Ukawafunsa amene wawayeza, akuti mnzawo wa pamjigo ndiye wanena kuti ndi fangasi, poti mvula ya ku Mzuzu kuno zovala zamkati siziuma. Ena mpaka lero akupitabe kukadulitsa mauka ndi lezala. Zaka zonsezi tikulankhula, koma ayi ndithu.

Ena mwa amayiwa chikuwavuta ndi kachilombo kotchedwa Trichomonas vaginalis, kopatsirana pogonana. Clotrimazole, mankhwala oika a fangasi aja, sakapha. Mayi amataya ndalama, kuyabwa n'kuzizira pang'ono, iye n'kumati wachira, kachilombo kali phee. Kamatupitsa njira ya abambo, motero HIV imalowa mosavuta, ndipo kwa woyembekezera mwana atha kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 156 miliyoni anatenga matendawa.

Diso lokha silingakuuzeni. Inde, chikazi chachikasu kapena chobiriwirako, cha thovu, chonunkha, ndi kuotcha pokodza zimaloza komweko, koma mwa anthu 10 amene ali nako, pafupifupi 7 samva kalikonse. Abambo ndiye kwambiri. Mlimi wina wa ku Lusangazi anandiimitsa panjira, khasu lili paphewa: "Alangizi, mayi akunyumba amwa mankhwala achira, pakapita mwezi zayambiranso. Kodi si madzi a pachitsime?" Nditafunsa ngati iwo anamwako, anaseka, ati munthu wosadwala amwerenji. Chitsime chake anali iwowo.

Chinanso chondikwiyitsa: mayi akaganiza zopita kuchipatala amayamba wadzitsuka mkati ndi sopo chifukwa cha manyazi. Adokotala amatenga kachikazi pang'ono n'kuika pa galasi la maikulosikopu msangamsanga tizilomboto tikadali kuyenda. Mukatsuka, aona chiyani? Ngakhale osatsuka, makinawa nthawi zina amaphonya, n'chifukwa chake namwino amafunsanso mafunso. Yankhani zoona.

Ndiye pitani ku Mapale kapena kuchipatala chilichonse chapafupi musanaike kanthu, mupite awiri. Mankhwala ake ndi metronidazole, uja mumati Flagyl, koma mlingo akuuzeni achipatala. Mowa ayi pomwe mukumwa. Zogonana dikirani sabata nonse mutamaliza mankhwala, ndipo muyezetsenso HIV ndi chindoko tsiku lomwelo.