Mmene mungayambitsire gulu lotsutsa kuchotsa mimba pa yunivesite ku America

Abale anga amene mukuphunzira ku America ndipo nkhani yochotsa mimba imakuwawani mumtima ngati ine, magulu a ma student otsutsa zimenezi akuchuluka kwambiri, makamaka chichokereni pa 24 June 2022 pomwe Supreme Court pa mlandu wa Dobbs inagwetsa chigamulo cha Roe v. Wade cha mu 1973 chomwe chinkaloleza kuchotsa mimba m'dziko lonselo, nkhani yonse nkubwerera kwa ma state kuti aliyense apange lamulo lake. Ndiye fufuzani kaye ngati pa sukulu panu gulu lilipo kale, ambiri amalumikizana ndi bungwe la Students for Life of America lomwe amalitsogolera ndi Kristan Hawkins.

Ngati palibe, pezani anzanu ochepa ndi lecturer mmodzi wovomera kukhala advisor wanu, lembani malamulo a gulu mukalembetse ku ofesi yoona za ma club. Osazengereza apa, gulu lolembetsa ndi lomwe limapatsidwa chipinda, malo oika tebulo komanso ndalama zina. Pa yunivesite ya boma sangakukanizeni chifukwa cha maganizo anu, khoti linanena kale pa mlandu wa Healy v. James mu 1972, koma ya private imayendera malamulo akeake ndiye werengani bwino.

Mukaika tebulo chonde osamakuwa kapena kuloza anthu zala, mwa odutsawo muli ena anachotsapo mimba, ena anagwiriridwa, inu simungawadziwe pa nkhope. Funsani maganizo awo, mvetserani mpaka amalize.

Koma ntchito yeniyeni kwa ine ili kwa mtsikana amene wapezeka ndi mimba pakati pa semester, fizi ili pa ngongole, mnyamata wathawa, akuopa kuti sukulu yathera pompo. Muuzeni za Title IX, lamulo la mu 1972, kuti sukulu yolandira ndalama za boma la federal singamuchotse chifukwa cha mimba, ikuyenera kumulola kujomba pa nthawi yomwe dokotala wanena ndipo akabwerako apitirize pomwe analekezera. Mperekezeni ku ofesi ya Title IX, sonkhani matewera ndi tizovala, gawanani masiku omugwirira mwana nthawi ya mayeso. Gulu longodziwa zikwangwani basi sindilikhulupirira ine.

Mu Januwale kumakhala March for Life, chionetsero cha otsutsa kuchotsa mimba, ku Washington, inayamba mu 1974, sungitsani malo mu basi msanga ndipo mutenge jekete yeniyeni chifukwa kumazizira zoopsa. Inu a visa ya F-1 samalani kwambiri, kutseka khomo la kiliniki yochotsera mimba ndi mlandu pansi pa FACE Act ya mu 1994, ndipo mukangomangidwa visa yanu ikhoza kusokonekera pomwe anzanu a konko akupitiriza sukulu.