Kugwiritsa Ntchito Zipangizo Zovala Pathupi pa Matenda a Shuga a Mtundu Woyamba

Munthu amene ali ndi matenda a shuga a mtundu woyamba amafunika insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, tsiku lililonse moyo wake wonse, chifukwa kapamba wake anasiya kuitulutsa. Masiku ano pali zipangizo ziwiri zovala pathupi zimene zimapeputsa ntchitoyi, zomwe ndi kachipangizo koyeza shuga usana ndi usiku, kamene ambiri amakatcha CGM, ndi pampu yoperekera insulini. Zonse ziwiri ndi zothandiza kwambiri, koma zimafuna mwini wake wodziwa pamene zimalekezera.

Pomata kachipangizo koyezera, sankhani malo amene opanga ake anavomereza, monga kumbuyo kwa mkono chakumtunda ngati ndi CGM ya mtundu wa FreeStyle Libre, ndipo pukutani khungu ndi spiriti n'kudikira kuti liumiretu, popeza khungu lonyowa kapena lodzola mafuta limachititsa kuti kamatuke nthawi yake isanakwane. FreeStyle Libre 2 imakhala pathupi masiku 14, pamene CGM ina yotchedwa Dexcom G6 imakhala masiku 10. Mukamasintha, musamatenso pamalo omwewo.

Chofunika kwambiri kuchimvetsa n'chakuti kachipangizoka sikayeza magazi enieni, koma madzi a m'thupi amene ali pansi pa khungu, choncho nambala imene mukuiona pafoni ikhoza kutsalira m'mbuyo ndi mphindi 5 mpaka 15, makamaka mukangodya kapena mukamachita masewera olimbitsa thupi. N'chifukwa chake muvi umene uli pambali pa nambalayo suyenera kunyalanyazidwa. Shuga wa 6 mmol/L amene muvi wake wagona chopingasa ndi wabwinobwino, koma 6 yemweyo muvi utaloza pansi akutanthauza kuti posachedwa mungayambe kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Usiku, mukagonera mkono umene pali kachipangizoka, alamu ikhoza kulira kuti shuga watsika pamene sanatsike. Nthawi iliyonse imene nambala ikusemphana ndi mmene mukumvera m'thupi, bayani chala muyeze ndi mashini a masiku onse.

Kwa akuluakulu ambiri, madokotala amalimbikitsa kuti shuga azikhala pakati pa 3.9 ndi 10 mmol/L (70 mpaka 180 mg/dL) kwa nthawi yoposa 70 peresenti ya tsiku. Akatsika kupitirira 3.9, idyani magalamu 15 a shuga wolowa msanga m'magazi, monga mapiritsi a glukosi, kenako muyezenso pakatha mphindi 15.

Pampu ndiyo imafuna kusamala koposa. Imagwiritsa ntchito insulini yothamanga yokha, imene imalowa pang'onopang'ono kudzera m'kachubu kakang'ono kolowetsedwa pansi pa khungu, ndipo pa mapampu ambiri kachubuko kamasinthidwa pakapita masiku awiri kapena atatu. Popeza m'thupi mulibe insulini yokhalitsa, kachubuko kakapindika kapena kutsekeka shuga amakwera msanga, ndipo pakangotha maola ochepa munthu akhoza kudwala ketoacidosis, vuto loopsa limene limabwera ndi mseru, kusanza, kupweteka m'mimba ndi kupuma mofulumira. Shuga akakwera kupitirira 14 mmol/L popanda chifukwa chodziwika, yezani maketoni (asidi amene amachuluka m'magazi thupi likasowa insulini), dzibayeni insulini ndi jakisoni monga mwa malangizo a dokotala wanu, ndipo sinthani kachubu. Ngati mukusanza, pitani kuchipatala mosazengereza.

Mapampu ena amalumikizana ndi CGM n'kumawonjezera kapena kuchepetsa insulini paokha, ndipo yoyamba ya mtundu umenewu kuvomerezedwa ku United States inali MiniMed 670G, mu 2016. Ngakhale zili choncho, ambiri mwa mapampuwa amafunabe kuti muwauze kuchuluka kwa makabohaidireti (zakudya zosanduka shuga m'thupi) musanadye. Amene amaganiza kuti pampu iwerengera yokha chakudya amakhumudwa msanga.

Mukamachoka pakhomo, m'chikwama mwanu musasowe jakisoni wa insulini, mashini oyezera pachala, kachubu kapadera ndi chochajira kapena mabatire a pampu.