Kumanga kagalimoto ka Beetle ka 1/24: pentani bodi poyamba, magalasi abwere pomaliza

Amene mwalandira katoni ya kagalimoto kapulasitiki komanga nokha, kaya mwaitanitsa pa intaneti kaya wakutumizirani m'bale wanu wa ku Johannesburg kapena ku London, musathamangire kutsegula guluu. Yambani mwayang'ana nambala imene ili pakatonipo. Ikakhala 1/24, ndiye kuti chilichonse cha pakagalimotoko achichepetsa maulendo 24. Beetle yeniyeni ndi yotalika mamita 4 ndi pang'ono, choncho kanuko kakhala ka masentimita pafupifupi 17. Nambalayi imagwiranso ntchito pa zolakwa zanu. Dontho la guluu la milimita imodzi likufanana ndi chibuluma cha masentimita 2.4 pagalimoto yeniyeni, ndipo ubweya umodzi wa burashi ukatsalira mupenti umaoneka ngati waya wagona paboneti. Malangizo onse amene akubwerawa achokera pamenepo: guluu wochepa, penti wopyapyala, manja osafulumira.

Titengere chitsanzo pa Volkswagen 1300 Beetle ya 1966 yomwe imapangidwa ndi kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, m'dziko la Japan. Kwa munthu woyamba kumene ndi yabwino chifukwa zidutswa zake zimalowana popanda kulimbana nazo, komanso ili ndi injini yake yomwe imaoneka. Vuto lake ndi limodzi, bodi yake ndi yobulungira paliponse, ndiye penti akalakwika palibe pomubisa. Galimoto yeniyeniyo inapangidwa zaka zambiri, kuyambira ku Wolfsburg m'dziko la Germany, ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo yomaliza inatuluka ku Puebla m'dziko la Mexico mu 2003 atapanga zoposa 21 miliyoni. Zithunzi zake ndi mbwee, koma samalani, zimasiyana malinga ndi chaka. Ya 1966 ili ndi nyali zakutsogolo zopendekera kumbuyo komanso chizindikiro cha 1300 pachitseko cha injini. Mukamafufuza zithunzi zoti muzionera, lembani chakacho.

Zipangizo sizifunika zambiri. Kapulayala kakang'ono kodulira kokuthwa bwino, kampeni ka nsonga kapena lezala yatsopano, sandipepala wa nambala 600, 1000 ndi 2000, tepi yophimbira popenta, timaburashi tiwiri, kena kosongoka kena kophwatalala, timitengo totokosera m'mano ndi timitengo ta thonje. Sandipepala wa akalipentala uja, wa 80 kapena 120, musamuyandikitse n'komwe, amakumba ngalande zomwe penti sangakwirire.

Musanadule kanthu, tsukani mafelemu onse omwe zidutswa zalumikizidwapo m'madzi ofunda pang'ono a sopo wotsukira mbale, pogwiritsa ntchito mswachi wakale. Nthawi zina pulasitiki amatuluka kufakitale ndi timafuta ta m'chikombole, ndipo mafuta a m'zala zanu nawonso amalepheretsa penti kugwira. Tsukuluzani, zisiyeni ziume zokha. Podula chidutswa, musachipotokole ndi manja. Dulani motalikirako pang'ono, kachitsa katsale, kenako mukasepe ndi mpeni n'kusalaza. Dulani chokhacho chimene mukufuna nthawi imeneyo, chifukwa nambala ya chidutswa imalembedwa pafelemu osati pachidutswapo. Mukathothola zonse n'kuthira m'mbale, simudzadziwanso chakumanja ndi chakumanzere.

Pepala la malangizo la m'katoni nthawi zambiri limayambira pa injini ndi zapansi, bodi n'kubwera chakumapeto. Pamenepa ine ndimalangiza mosiyana. Yambani ndi bodi, chifukwa ndi imene imafuna masiku ambiri kuti penti wake akhwime. Ikamauma, inu muzikhala mukugwira zinazo.

Tengani bodiyo, muipendeketse pawindo kuti kuwala kuiwombe cham'mbali. Muona timizere topyapyala totukuka, makamaka pamadigadi, pafupi ndi nyali ndi m'mbali mwa denga. Pamenepo ndi pamene zikombole zinakumana, pagalimoto yeniyeni palibe. Tipaleni ndi msana wa mpeni, musalaze ndi 600, kenako 1000, sandipepalayo ali wonyowa. Koma musafufute kamkombero kamene kali pakati pa bodi ndi madigadi, kapena kamzere ka chrome, chitsulo chonyezimira chija, kodutsa m'mbali ndi pakati pa boneti. Timeneto ndi ta Beetle yeniyeni. N'chifukwa chake chithunzi chiyenera kukhala pambali panu.

Nkhani ya penti

Pindani hang'ala ya waya, muimate ndi tepi mkati mwa bodi kuti mukhale ndi pogwira. Kuyambira apa zala zanu zisakhudzenso kunja kwa bodi. Poperani pulayima, penti woyamba uja wotuwa kapena woyera. Ntchito yake ndi ziwiri, amathandiza penti wamtundu kugwira, komanso amaulula mikwingwirima yonse imene maso anu anaiphonya. Mukaipeza, salazani n'kupoperanso. Ngati mtundu womwe mwasankha ndi wowala, monga woyera, wofiira kapena wobiriwira mopepuka, pulayima woyera ndiye wabwino, wotuwa amazimitsa mtundu. Amene mukufuna mitundu yeniyeni ya zaka zimenezo, Volkswagen inali ndi Ruby Red, Bahama Blue ndi Pearl White mwa ina.

Kachitini ka penti kavikeni kaye m'madzi ofunda, oti dzanja likhoza kupirira, kwa mphindi zingapo, kenako mukagwedeze kwambiri. Musakaike pamoto kapena padzuwa, kamaphulika. Imani masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pabodi. Yambani kupopera mphepete, mudutse pabodi, mukasiyire mphepete inayo. Musayambire kapena kuimira pabodi penipeni, ndi pamene penti amalavulira madontho. Ulendo woyamba ndi wachiwiri ungokhala ngati nkhungu, pulayima azionekabe pansi. Dikirani mphindi 15 kapena 20 pakati pake. Ulendo wachitatu ndi wachinayi ndi umene mumapopera monyowerako kuti kuwala kubwere. Anthu ambiri amaononga pano chifukwa chofuna kuti mtundu ukwane ulendo umodzi. Penti amayenderera n'kukaunjikana m'munsi mwa madigadi, timizere ta zitseko n'kukwiririka. Mukaima patali kwambiri, vuto limakhala lina, penti amafika atauma kale ndipo bodi imachita tokhotokho ngati khungu la lalanje.

Nyengo nayo muziiyang'ana. Tsiku la mvula kapena la chiperoni musapente, chinyezi chimachititsa penti wonyezimira kuchita mbuu ngati wathiridwa mkaka. Mu Okutobala vuto ndi fumbi komanso kutentha kumene kumaumitsa penti asanafike pabodi, choncho pentani m'mawa dzuwa lisanakwere, pamthunzi, mphepo isanayambe. Wazani madzi pansi pamalo pomwe mukupoperapo kuti fumbi ligone. Mukangomaliza, vundikirani bodiyo ndi chidebe chapulasitiki choyera bwino, mutasiya kampata koti mpweya uzituluka.

Poperani panja kapena pakhonde, mutavala chophimba pamphuno ndi pakamwa, ana ali kutali. Fungo la penti, thinala ndi guluu uyu limagwira moto. Magetsi akazima, tsekani mabotolo, ntchito yatha tsiku limenelo. Musapitirize ndi kandulo, ndipo musagwirire pafupi ndi mbaula.

Pali mitundu itatu ya penti yomwe muzikumana nayo: lacquer, enamel ndi acrylic. Wa m'zitini za Tamiya zolembedwa TS ndi lacquer, ndipo ndi waukali kuposa enawo. Enamel kapena acrylic akhoza kupita pamwamba pa lacquer wouma bwino, koma lacquer akapita pamwamba pa enamel, penti wapansiyo amakwinyika. Penti wopopera wa m'mahadiweya, amene ambiri angamupeze msanga, amatheka, koma wina amadya pulasitiki. Muyeseni kaye pa felemu yotsala kapena pa sipuni yapulasitiki yomwe mwaipaka pulayima yemweyo, mudikire tsiku limodzi. Bodi ikamalizidwa, isiyeni sabata yathunthu, ndipo ngati ndi enamel onjezeranipo. Njira yodziwira ndi kununkhiza. Ngati fungo la penti likumvekabe, mkati simunaume, ngakhale pamwamba pakuoneka polimba.

Injini, zapansi ndi zam'kati

Chidutswa chilichonse chiyeseni pamalo pake musanapake guluu. Guluu wa pulasitiki wamadzimadzi, monga Tamiya Extra Thin, sagwira ngati wa mapepala. Amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri n'kuzisandutsa chinthu chimodzi. Gwirizitsani zidutswazo kaye, mukhudzitse kaburashi pamphepete, guluuyo alowa yekha. Chala chanu chikakhala pamzere umenewo, guluu amathamangira pansi pake n'kusiya chidindo. Sagwiranso papenti kapena pa chrome, choncho palani polumikizirapo mpaka pulasitiki aoneke.

Injini ya Beetle ili kumbuyo, ya 1285cc, masilinda anayi ogona, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, yozizira ndi mphepo, yopanda rediyeta. Musaipake siliva yense. Chivundikiro cha fani ndi malata ozungulira injini ndi zakuda mowala pang'ono, penti wa Tamiya wa nambala X-18 amakwanira. Thunthu la injini ndi lotuwa mosanyezimira, lamba ndi wakuda bii wa XF-1. Mitundu yakuda iwiriyi ikakhala moyandikana, diso limaona kuti china ndi chitsulo china ndi labala. Amene mukufuna kuonjezera mawaya a mapulagi, werengani kaye. Waya weniweni ndi wa mamilimita 7, mukagawa ndi 24 mupeza pafupifupi 0.3. Kawaya kamodzi kochokera m'chingwe cha chaja yakufa kamakwana, mukapake penti wakuda. Mawaya akhale anayi opita kumapulagi ndi mmodzi wopita ku koyilo. Waya wonenepa kuposa apo amaoneka ngati payipi ya madzi, bola osaikapo.

Zam'kati sizivuta. Mipando ipakeni penti wosanyezimira, pansi pakhale pakuda kapena potuwa, ndipo kumbukirani kuti dashibodi ya Beetle ya nthawi imeneyo inali yachitsulo cha mtundu wofanana ndi bodi, choncho muipopere tsiku limodzi ndi bodi. Matayala alabala amabwera akunyezimira ngati nsapato zopolishidwa. Pukutani popondera ndi sandipepala wa 600 kuti kamzere kapakati kachoke ndipo aoneke ngati ayendapo pamsewu.

Mabampala ndi zotsekera mawilo zimabwera zitakutidwa kale ndi chrome. Pomwe mwadulira pamatsala kabala, kabiseni ndi nsonga ya cholembera cha Molotow Liquid Chrome kapena kadontho ka penti wa siliva wa X-11. Ena amaona kuti chrome ya m'katoniyo ikuwala ngati chidole, ndiye amaichotsa poviika zidutswazo mu Jik mpaka iyoyoke, n'kutsuka, n'kupaka penti wakuda wonyezimira kenako wa chrome pamwamba. Zimaoneka bwino ndithu, koma pakagalimoto koyamba ine ndingati zisiyeni.

Sabata ikatha, bwererani kubodi. Ngati pali timafumbi kapena khungu la lalanje lija, salazani mopepuka ndi 2000 wonyowa, kenako pukutani ndi polishi wa timagalimoto pa kansalu kofewa ka malaya akale a thonje. M'makona ndi pamizere yotukuka pitanipo mwaulemu, penti amakhala wopyapyala ndipo pulayima amatulukira msanga. Timizere ta zitseko ndi boneti thiranimo penti wa enamel wosungunula kwambiri, wotuwa moderako osati wakuda bii, aziyenda yekha mumzeremo. Wosefukira mupukute ndi kamtengo ka thonje. Malabala ozungulira mawindo ndi popondera polowa ndi zakuda. Matani tepi mbali zonse, mutsindire m'mphepete ndi kamtengo kotokosera m'mano kuti penti asalowe pansi, ndipo muichotse penti asanaumiretu. Nyali zakumbuyo ndi maindiketa zimakhala zamoyo mukapaka siliva kuseri, kenako X-27 wofiira kapena X-26 walalanje, omwe ndi mapenti oonekera mkati.

Timapepala ta nambala ndi ta pa dashibodi, ma decal aja, dulani kamodzikamodzi, muviike m'madzi ofunda masekondi 10 kapena 15, mukasiye pansalu mpaka katayamba kutsetsereka kokha. Kakankhireni pamalo pake ndi kaburashi konyowa, mufinye madzi ndi thonje. Amagwira bwino pamalo onyezimira. Pamalo osanyezimira mpweya umatsalira pansi, m'mphepete n'kumaoneka mbee.

Magalasi asungeni m'kapepala kawo mpaka tsiku lomaliza. Supa guluu musamuyandikitse, nthunzi yake imachititsa galasi kuchita mbuu ndipo zimavuta kuchotsa. Guluu wa pulasitiki nayenso amalidya. Gwiritsani ntchito guluu woyera wa matabwa uja, timadontho ta pansonga ya kamtengo m'makona mokha. Amauma moonekera mkati, ndipo akasefukira mumangopukuta ndi thonje lonyowa. Musanatseke bodi pa zapansi, uzirani mkati, pukutani magalasi mbali ya mkati, chifukwa chidindo cha chala chikatsekeredwamo simudzachifikiranso. Timagalasi toonera kumbuyo, mawaipa ndi zogwirira zitseko zibwere zonse zitatha, popeza ndi zimene zimathyoka mukamatembenuza kagalimotoko.

Kakatha, musakaike pawindo. Dzuwa limasulutsa penti ndi ma decal, ndipo kutentha kumapinda pulasitiki. Kasungeni m'kabati yagalasi kapena m'kabokosi koonekera mkati, ndipo pansi pa matayala muyalepo kapepala, chifukwa labala wina akakhalitsa papulasitiki kapena pa vanishi amasiya zipsera. Fumbi muzichotsa ndi burashi yofewa youma, osati nsalu. Mafelemu otsala aja musataye, mudzayeserapo penti wa kagalimoto kotsatira.